Mlatho Wopapatiza: Chimene Chimachedwetsa Mafayilo Pakhomo

Ukwati unali wa Loweruka, m'mudzi wina chakufupi ndi Nsaru. Pofika Lamlungu madzulo miphika inali itatsukidwa, mahema atagwetsedwa, alendo ochokera kutali akumanga katundu. Mwana wa mchemwali wanga, amene anajambula mwambo wonse kuyambira m'tchalitchi mpaka pa perekaniperekani, anakhala pamkeka laputopu ili pamiyendo. Laputopuyo inali yobwereka ndipo mwiniwake ankaifuna Lolemba m'mawa, choncho kanema yense ankayenera kusamukira m'kompyuta yakale ya pakhomopo usiku womwewo. Azakhali ake a ku Mchinji nawo ankadikira kuti awaikire wawo pa memole khadi. Dzuwa linali litalowa, ndipo batire ya sola inali itayamba kutsika.

Pagalasi, kamzere kobiriwira kankayenda ngati bilimankhwe. M'munsi mwake munalembedwa kuti patsala maola opitirira 2.

"Atsibweni, netiweki yavuta lero," anatero. "Kapena ndithamange pagolosale ndikagule bandulo ina?"

Ndinamuletsa. Ndalamayo ikanapita pachabe, chifukwa kanemayo sankatuluka n'komwe m'nyumbamo. Mawu akuti "netiweki yavuta" akhala thumba loponyeramo vuto lililonse la foni ndi kompyuta, ndipo anthu ambiri ataya ndalama zopeza movutikira pogula bandulo, rauta kapena foni yatsopano pamene chochedwetsa chinali kachingwe kothyoka. Mfundo ya nkhani ino ndi imodzi. Fayilo imayenda pa liwiro la malo opapatiza kwambiri amene ili nawo panjira yake, ndipo malowo amapezeka poyeza, osati pongoganizira.

Misewu iwiri

Pakhomo pamene pali rauta kapena foni yotsegula hotspot pamakhala misewu iwiri yosiyana. Woyamba ndi wopita kunja. Umachoka pa rauta kupita pa nsanja ya Airtel kapena TNM, kuchoka pamenepo n'kulowa m'zingwe zopita ku Lilongwe, kenako kutuluka m'dziko. Poti Malawi alibe nyanja yamchere, zingwezi zimadutsa m'mayiko oyandikana nafe monga Tanzania ndi Mozambique kuti zikalumikizane ndi zingwe za pansi pa nyanja, monga SEACOM imene inayamba kugwira ntchito mu 2009 ndi EASSy ya mu 2010. Msewu umenewu ndiye intaneti, ndipo ndi umene umadya bandulo.

Wachiwiri ndi wa pakhomo pokha: laputopu, foni ndi kompyuta kulankhulana zokhazokha kudzera pa rauta, pa chingwe kapena mwachindunji. Msewu uwu sufuna bandulo ngakhale ya K1. Ngakhale mutachotsa simu khadi mu rauta, mafayilo angayendebe pakati pa zipangizo za m'nyumba.

Kusasiyanitsa misewu iwiriyi kumawononga zambiri. Mukatumiza kanema pa WhatsApp kwa munthu amene wakhala nanu pabenchi limodzi, kanemayo amakwera nsanja, n'kupita ku makompyuta a kampaniyo kunja kwa dziko, kenako n'kubwerera. Inu mwalipira potumiza, mnzanuyo walipira polandira, ndipo kawirikawiri chithunzi chafika chitachepetsedwa ubwino. Zili ngati kutumiza mbale ya nsima yochokera kukhitchini kupita pakhonde poikweza kaye minibasi ya ku Lilongwe. N'chifukwa chake achinyamata a pa Namitete kapena pa Mpingu amakonda Xender, SHAREit kapena Quick Share: mapulogalamu amenewa amatsegula kamsewu ka Wi-Fi pakati pa mafoni awiri, osadzera kunja.

Funso loyamba, tsono, n'lakuti: kodi fayiloyi ikutuluka pakhomo kapena ayi? Ngati sikutuluka, nsanja ilibe mlandu.

Kuwerenga liwiro

Musanafufuze chochedwetsa muyenera kudziwa kuwerenga manambala, ndipo apa pali msampha umene umakola ngakhale ophunzira. Pa katoni ya rauta pamalembedwa Mbps, kutanthauza mamegabiti pa sekondi. Kompyuta ikamakopera imaonetsa MB/s, kutanthauza mamegabayiti pa sekondi. Kusiyana kwake kuli pa chilembo: b wamng'ono ndi biti, B wamkulu ndi bayiti, ndipo bayiti imodzi ili ndi mabiti 8. Choncho nambala ya pa katoni muziigawa ndi 8. Chingwe cha 100 Mbps sichingapitirire 12.5 MB/s, ndipo poti mbali ina ya liwiro imathera pa ma adiresi ndi kutsimikizira kuti katundu wafika, mumaona pafupifupi 11 MB/s. Cha 1,000 Mbps, chimene chimatchedwa gigabiti, chimapereka pafupifupi 110 MB/s.

Kanema wa ukwati uja anali wa magigabayiti 12, amene ndi mamegabayiti pafupifupi 12,000. Kuwerengera kwake n'kosavuta: kukula kwa fayilo kugawa ndi liwiro. Pa 1.5 MB/s, liwiro limene tinkaona usiku uja, pamafunika masekondi 8,000, kapena kuti maola 2 ndi mphindi 13. Pa 11 MB/s pamafunika mphindi 18. Pa 110 MB/s sipakwana mphindi 2. Pa Bluetooth, amene potumiza mafayilo amangofika cha m'ma 0.2 MB/s, kanema yemweyo akanatenga maola opitirira 16. Bluetooth ndi wabwino pa nyimbo imodzi kapena chithunzi, koma kumusenzetsa kanema wa ukwati kuli ngati kututa munda wonse ndi lichero.

Nambala imene mukuiona si yongokhumudwitsa ayi, ndi mboni. Nthawi zambiri imakuuzani yokha kumene kuli vuto, monga tionere.

Ngolo ndi mlatho

Mlimi wa fodya wa ku Kabudula kapena ku Nambuma amadziwa kuti belo silifika ku okushoni ku Kanengo pa liwiro la lole. Limayamba pa ngolo, kudutsa kamlatho ka mitengo kamene sikalola katundu wolemera, kudikira pamalo okwezera, kenako kuima pamzere pachipata. Mutagula ng'ombe zamphamvu chotani, ngati kamlatho kamangolola mabelo awiri pa ulendo, masiku ake sasintha.

Fayilo nayo imadutsa malo asanu. Imawerengedwa kuchokera pa chosungira cha chipangizo chotumiza, imatuluka pa chipangizocho, imayenda mumpweya kapena m'chingwe kudzera pa rauta, imalowa m'chipangizo cholandira, ndipo pomaliza imalembedwa pa chosungira cha kumeneko. Amodzi mwa malo asanuwa ndiwo kamlatho. Kukonza ena anayiwo sikuthandiza kanthu. Ndipo mukakulitsa kamlatho koyamba, kamene kanali kachiwiri kupapatiza ndiko kamayamba kulamulira. Usiku uja tinakumana ndi timilatho titatu motsatizana.

Mpweya ndi bwalo limodzi

Wi-Fi ndi wailesi. Pa bwalo la amfumu amalankhula munthu mmodzi pa nthawi, ena akumvetsera, ndipo awiri akayamba pamodzi onse amaima n'kuyambiranso. Mafunde a Wi-Fi amagawidwa chimodzimodzi: chipangizo chimayamba chamvetsera, chikamva kuti kuli zii chimatumiza, zikawombana chimadikira pang'ono n'kubwereza. Nzeru yogawana mafunde amodzi inayambira ku yunivesite ya Hawaii, kumene gulu lotsogozedwa ndi Norman Abramson linalumikiza makompyuta a pazilumba ndi wailesi mu 1971, pa netiweki yotchedwa ALOHAnet. Malamulo oyamba a Wi-Fi anatuluka mu 1997, ndipo liwiro lake linkangofika 2 Mbps.

Zotsatira za kugawana bwalo kumeneku n'zitatu. Choyamba, chipangizo chilichonse cholumikizidwa chimadya nthawi. Usiku uja mafoni a alendo oposa khumi anali pa rauta yomweyo, ena akutumiza zithunzi za ukwati kwa abale a ku Joni. Chachiwiri, chipangizo chakale kapena chakutali chimalankhula pang'onopang'ono, ndipo pamene chikulankhula ena onse amadikira. Chachitatu, ngati laputopu ndi kompyuta zonse zili pa Wi-Fi, fayilo imadutsa mumpweya kawiri, kupita ku rauta ndi kuchoka ku rauta, ndiye kuti liwiro limatsika pafupifupi ndi theka.

Kenako pali makoma. Rauta yathu inali pawindo la chipinda chogona, chifukwa m'pamene imagwira bwino nsanja. Laputopu inali m'chipinda chochezera, ndipo pakati pake panali makoma awiri a njerwa zootcha ndi mulu wa matumba a chimanga. Mafunde a Wi-Fi amafooka akamadutsa njerwa ndi simenti, amamwedwa ndi madzi, ndipo amabwezedwa ndi chitsulo. Mgolo wa madzi, chitseko cha chitsulo, mpanda wa malata, ngakhale khamu la anthu, poti thupi la munthu ndi madzi ambiri, zonsezi zimadya mphamvu ya mafunde. Mafunde akafooka zipangizo sizidula kulankhulana, zimangotsitsa liwiro kuti zizimvana, monga amachitira anthu okuwizana kutsidya la dambo.

Ma rauta ambiri a masiku ano amaulutsa pa mafunde a mitundu iwiri. A 2.4 GHz amafika patali ndipo amapyola makoma bwinoko, koma ndi ochedwa, ndipo ndi omwenso Bluetooth amagwiritsa ntchito. Ali ndi njira zitatu zokha zosalowererana, 1, 6 ndi 11, choncho pa malo a malonda pamene mashopu oyandikana ali ndi ma rauta ndi ma hotspot ambiri, njirazi zimadzaza. A 5 GHz ndi othamanga ndipo njira zake n'zambiri, koma safika patali. Posamutsa fayilo yaikulu, yandikirani rauta ndipo sankhani 5 GHz ngati zipangizo zonse ziwiri zikuidziwa. Dzina la Wi-Fi likathera ndi 5G, nthawi zambiri limatanthauza mafunde amenewa, osati 5G ya makampani a mafoni.

Tinanyamula laputopu kukaiika pafupi ndi rauta, ndipo mnyamata uja anapempha alendo kuti azimitse kaye Wi-Fi. Nambala inakwera kufika cha m'ma 4 MB/s. Osagula kanthu, maola 2 aja anatsika kufika pa mphindi 50.

Chingwe ndi mawaya ake asanu ndi atatu

Chingwe chimaposa mpweya chifukwa sichigawana njira ndi wina aliyense, ndipo chimatumiza ndi kulandira nthawi imodzi. Njira yolumikiza makompyuta ndi chingwe, yotchedwa Ethernet, inayambitsidwa ndi Robert Metcalfe ndi anzake ku Xerox PARC, ku Palo Alto m'dziko la America, mu 1973. Liwiro la 100 Mbps linavomerezedwa mu 1995, ndipo la gigabiti pa chingwe cha kopa mu 1999. Chingwe chimodzi chimatha kutalika mpaka mamita 100 popanda kutaya liwiro, mtunda wokwanira kuchoka kunyumba yaikulu kukafika kushopu ya kumsewu.

M'kabati munapezeka zingwe zakale. Titabaya kompyuta ndi laputopu pa rauta, nambala inalumpha kufika 11 MB/s, n'kuima pomwepo osasuntha. Mnyamata uja anasangalala, koma nambala imeneyi ili ndi uthenga wake. Liwiro likaima nji pa 11 MB/s, dziwani kuti penapake panjira pali mlatho wa 100 Mbps.

Zifukwa zake zimakhala zitatu. Mwina mabowo a rauta ndi a 100 Mbps, monga zilili ndi ma rauta ambiri otsika mtengo, ngakhale pa katoni atalemba nambala yaikulu ya Wi-Fi. Mwina imodzi mwa makompyuta ndi yakale kwambiri. Kapena vuto ndi chingwe. Mukayang'anitsitsa kamutu ka pulasitiki ka chingwechi muona timawaya 8 tamitundumitundu, topotedwa tiwiritiwiri. Liwiro la 100 Mbps limangofuna timawaya 4, pamene gigabiti imafuna tonse 8. Kamodzi mwa timawaya 4 towonjezerato kakaduka, chifukwa khoswe waluma, chitseko chapana, kapena kamutu kanamangidwa molakwika, zipangizo zambiri sizidandaula. Zimangogwirizana mwakachetechete kutsikira pa 100 Mbps, ndipo mwini nyumba angakhale zaka osadziwa kuti akuyenda pa gawo limodzi la magawo khumi a liwiro limene analipira.

Kudziwa n'kosavuta. Pa Windows, tsegulani Settings, pitani pa Network & Internet, musankhe Ethernet, ndipo muone pamene palembedwa Link speed. Pakakhala 100/100 pamene zipangizo zonse n'za gigabiti, sinthani chingwe. Pogula, onani kuti pakhungu pake palembedwa Cat5e kapena Cat6, ndipo pewani cholembedwa CCA, chimene ndi aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa ndipo chimathyoka msanga.

Kwa ife mlatho unali rauta. Tinaichotsa panjira n'kulumikiza laputopu ndi kompyuta mwachindunji ndi chingwe chimodzi. Makompyuta a gigabiti amazindikirana okha, ndipo patapita kanthawi amadzipatsa ma adiresi. Liwiro linakwera kufika cha m'ma 80 MB/s, ndipo kanema yense anasamuka pasanathe mphindi 3. Silinafike 110 chifukwa tsopano kamlatho kanali hard disk ya kompyuta yakaleyo. Hard disk ili ndi mbale yozungulira ndi kamkono kolembera, ndipo zambiri zimathera cha m'ma 100 MB/s, pamene SSD wamba, imene ilibe kanthu koyenda mkati, imafika cha m'ma 500 MB/s. Pamenepo tinaima, poti mphindi 3 zinali zotikwanira. Nzeru ina ya ntchitoyi ndi kudziwa polekera.

Fulashi ndi memole khadi

M'midzi yathu netiweki yaikulu kwambiri si ya mafunde kapena zingwe, koma ya m'matumba a malaya. Nyimbo za kwaya, maulaliki, mafilimu omasuliridwa m'Chichewa ndi mapepala a mayeso akale zimayenda pa fulashi ndi memole khadi, kuchokera m'timashopu tobenera nyimbo ta pa malo a malonda monga Namitete, Nsaru ndi Mpingu. Apa napo pali milatho yake.

Woyamba ndi bowo lobayapo. USB 2.0, ya mu 2000, imalembedwa kuti 480 Mbps, koma pa ntchito yeniyeni imapereka 30 mpaka 40 MB/s. USB 3.0, ya mu 2008, imafika 5 Gbps, ndipo kawirikawiri bowo lake limakhala ndi kalilime kabuluu mkati. Fulashi ya 3.0 mukaibaya pa bowo la 2.0 imayenda ngati ya 2.0. Makompyuta ambiri ali ndi mitundu yonse iwiri, choncho musanabaye yang'anani mtundu wa kalilimeko. Chingwe cha foni nachonso chimasiyana: zina zotsika mtengo n'zongotchajira, mulibe mawaya onyamula mafayilo.

Wachiwiri ndi khadi lenilenilo. Kulemba kumachedwa kuposa kuwerenga, ndipo khadi lililonse lili ndi malire ake. Nambala ya mkati mwa kachizindikiro kooneka ngati C, kaya 2, 4, 6 kapena 10, ndi mamegabayiti pa sekondi amene khadilo limalonjeza kuti silitsika pansi pake polemba. Kachizindikiro ka U kokhala ndi 1 kamatanthauza 10 MB/s, ndipo kokhala ndi 3 kamatanthauza 30 MB/s. Khadi la Class 4 silingathamange chifukwa choti kompyuta ndi yatsopano.

Wachitatu tinakumana nawo pa khadi la azakhali aja. Linali la magigabayiti 32, lopanda kanthu, koma kompyuta inakana n'kunena kuti fayilo yakula.

"Atsibweni, malo alipo ambiri, nanga ikukaniranji?" anafunsa mnyamata uja.

Makadi ambiri a magigabayiti 32 kapena ocheperapo amabwera atakonzedwa m'njira yotchedwa FAT32, imene silola fayilo imodzi kupitirira magigabayiti 4. Nkhokwe ndi yaikulu, koma khomo lake n'laling'ono. Njira zilipo ziwiri: kufomata khadilo kukhala exFAT, podziwa kuti kufomata kumafufuta zonse ndipo ma TV ndi mawailesi ena akale sawerenga exFAT, kapena kudula kanemayo m'zigawo. Poti azakhaliwo ankakaonera pa TV yakale, tinadula zigawo zinayi za magigabayiti 3.

Palinso makadi achinyengo, ndipo amenewa amandiwawa mtima kwambiri chifukwa amaba zinthu zosabwezereka. Khadi limalembedwa kuti n'la magigabayiti 64, kompyuta nayo n'kuonetsa 64, pamene mkati muli malo ochepa kwambiri. Limalandira mafayilo mochedwa, mayina amaoneka onse, koma tsiku lotsegula mumapeza kuti ambiri ndi makoko opanda kanthu. Pulogalamu yaulere ya H2testw imadzaza khadi lonse n'kuwerenganso kuti ione ngati zonse zabwerera. Yesani khadi latsopano musanaikemo zithunzi za ukwati kapena za maliro a kholo lanu, ndipo musafufute zoyambirira musanatsegule zimene mwakopera.

Mtedza wa m'thumba ndi mtedza womwazika

Pali chinthu china chimene chimadabwitsa ambiri. Kanema mmodzi wa gigabayiti imodzi amasamuka mofulumira, koma zithunzi ndi makalata ang'onoang'ono masauzande, okwana gigabayiti yomweyo, amatenga nthawi yaitali kwambiri pa chingwe chomwecho. Chifukwa chake n'chakuti fayilo iliyonse ili ndi mwambo wake: kupempha malo, kulemba dzina ndi tsiku, kutumiza, kutseka, kudikira yankho, ndipo pulogalamu yoteteza ku mavayirasi imaiyendera payokha. Thumba la mtedza la makilogalamu 50 amalikweza pa ngolo kamodzi. Mtedza womwewo utamwazika pabwalo, munthu angatole mpaka dzuwa kulowa.

Mankhwala ake ndi kumanga thumba. Sonkhanitsani mafayilo ang'onoang'ono mu fayilo imodzi ya zip, muisamutse, mukaimasule kumene yafika. Komanso musayambitse makope angapo nthawi imodzi pa hard disk imodzi, chifukwa kamkono kolembera kamangothamangira uku ndi uku, ndipo zonse zimachedwa kuposa zikanayenda imodziimodzi.

Magetsi, kutentha ndi fumbi

Mabuku ambiri a makompyuta amalembedwa kumene magetsi sazima, choncho satchula milatho imene ife timakumana nayo tsiku ndi tsiku. Laputopu ikachoka pamagetsi n'kuyamba kudalira batire yake, imadzichepetsera mphamvu kuti ikhalitse, ndipo Wi-Fi ndi imodzi mwa mbali zimene zimachepetsedwa. Hard disk ya m'manja imadya magetsi kudzera pa USB, ndipo ikapanda kulandira okwanira imalira kuti tiki tiki, n'kumazimazima. Pakhomo pa sola, ntchito yosamutsa mafayilo aakulu ndi ya masana dzuwa likuswa mtengo, osati ya usiku batire itatopa. Kwa amene ali pa magetsi a ESCOM, kumbukirani kuti magetsi akazima pakati pa kulemba, fayilo ngakhale khadi lonse lingawonongeke. N'chifukwa chake ndi bwino kukopera kusiyana ndi kudula: mukakopera, choyambirira chimatsala mpaka mutatsimikiza.

M'mwezi wa Okutobala, m'nyumba ya malata yopanda siling'i, zipangizo zimatentha, ndipo foni kapena laputopu ikatentha imadzitsitsira liwiro kuti isapse. Chizindikiro chake n'chakuti kukopera kumayamba bwino, kenako n'kumatsika chipangizo chikamatentha. Musaike laputopu pabulangete kapena pamatiresi, chifukwa mumatseka mopumira mwake. Fumbi la m'chilimwe nalo limadzaza mopumiramo ndi m'mabowo a USB.

Pomaliza pali akuba nthawi obisika. Windows ikhoza kukhala ikudzikonza yokha, foni ikukweza zithunzi ku intaneti, kapena vayirasi ya pa fulashi, ija imabisa mafoda n'kusiya tizithunzi ta shortcut, ikudya mphamvu ya kompyuta. Mukadina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi mumatsegula Task Manager. Pa Performance muona ngati Disk yafika 100%. Ikatero pamene netiweki ili pansi, ndiye kuti mlatho ndi chosungira, ndipo kusintha rauta sikungathandize.

Kufufuza mwa dongosolo

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Cholakwa chachikulu pa ntchitoyi ndi kusintha zinthu zisanu nthawi imodzi: kuzimitsa rauta, kusintha chingwe, kufufuta mapulogalamu, kusuntha tebulo. Zikayenda simudziwa chimene chathandiza, ndipo mawa vuto likabwerera mumayambanso pachiyambi.

Sankhani fayilo imodzi yaikulu, monga kanema wa gigabayiti imodzi, ikhale muyeso wanu. Isamutseni, ndipo mulembe papepala liwiro limene mwaona. Kenako sinthani chinthu chimodzi chokha, muyesenso, mulembenso. Yambani ndi zosalira ndalama: kuyandikira rauta, kuzimitsa Wi-Fi pa mafoni ena, kubaya laputopu pamagetsi, kusamukira pa 5 GHz, kusintha bowo la USB. Kenako bwerekani chingwe china muyese. Kuti mudziwe ngati vuto ndi chosungira, koperani fayiloyo kuchoka pa foda ina kupita pa ina m'kompyuta momwemo. Ikachedwa ngakhale pamenepo, netiweki ilibe mlandu. Yesaninso mbali zonse ziwiri, kupita ndi kubwera, chifukwa ikathamanga mbali imodzi n'kuchedwa inayo, kawirikawiri vuto lili pa chipangizo chimene chikulemba.

Manambala amene mwalemba adzalankhula okha. Pansi pa 1 MB/s, ganizirani Bluetooth, mafunde ofooka kwambiri kapena mafayilo ang'onoang'ono ambirimbiri. Liwiro lokwera ndi kutsika pakati pa 1 ndi 5 MB/s nthawi zambiri ndi Wi-Fi ya 2.4 GHz yodzaza kapena yakutali, apo ayi khadi lochedwa. Loima pa 11 MB/s ndi mlatho wa 100 Mbps. La pakati pa 30 ndi 40 MB/s ndi USB 2.0. Likafika cha m'ma 110 MB/s pa chingwe, gigabiti yadzaza ndipo palibe chovuta. Mukapeza mlatho, m'pamene mungatulutse ndalama, ndipo nthawi zambiri mudzapeza kuti chofunika ndi chingwe, osati rauta kapena foni yatsopano.

Nkhaniyi ndimaitenga mozama chifukwa m'mabanja athu ndalama ya bandulo ndi yomweyo ya sopo, ya mchere ndi ya kuchigayo, ndipo zimene timasamutsazi si mafayilo chabe. Ndi mawu a agogo akulangiza akwati, ndi zolemba za mwana amene akukonzekera mayeso a Fomu 4, ndi kaundula wa kalabu ya alimi. Munthu wodziwa kuwerenga kanambala ka pansi pa kamzere kobiriwira sanamizidwa ndi wogulitsa, ndipo sataya zinthu zimenezi mwangozi.

Usiku uja, azakhali a ku Mchinji asanamange khadi lawo pakona ya chitenje, mnyamata uja anatsegula zigawo zonse zinayi chimodzichimodzi, akuthamangitsa kanema mpaka kumapeto kuti aone ngati chilichonse chafika. Pa chigawo chachitatu panatulukira agogo ake akuvina pa perekaniperekani, ndalama ili m'manja, ndipo onse amene anali m'nyumbamo anasiya kumanga katundu n'kuunjikana pagalasi. Batire ya sola inali ikadali ndi mphamvu yokwanira kuti aonere mpaka nyimbo itatha.